Maondo Aulemu Pakati pa Molo

Ndinawachenjeza tsiku loyamba lomwe. Ndinawauza amayi a m'tauni ya nzimbe aja kuti asanditsamire, asandiike pakati pawo, chifukwa ine ndikapanikizika ndimagwada. Anaseka. Wina anati aliyense ali ndi maondo, wina anandiponyera malaya a timu onunkha thukuta la mwini wake wakale. Palibe anamva. Koma ndisanafike pa za iwo, ndiyambe ndanena za maondowo ndi kumene anandiyendetsa.

Ndinaleredwa ndi anthu amene ankati mwana wamkazi amadziwika ndi maondo. Madzi ndinkapereka chogwada, moni chogwada, ngakhale uthenga woti ndakhoza mayeso a fomu folo ndinaunena kwa atsibweni nditagwada pamiyala. Nditakwatiwa kutali, kwa anthu amene mwana amakhala wa kuchimuna, anandiyamikira kuti apeza mtengwa waulemu. Mwamuna wanga anamwalira mwana wathu Mwandida asanamere mano. Maliro atatha, akwawo anagwirizana kuti ine ndikhoza kubwerera kwathu poti ndinali ndidakali wamng'ono, koma mwana atsale. Amene anatumidwa kudzandiuza anali alamu anga aakulu, aNajere, mlongo wake wa malemuyo. Anati mawa m'mawa adzatenga mwana, ndimuchapire zovala. Ndinagwada, ndinati chabwino alamu. Kusanache ndinabereka mwana n'kutuluka ngati wakuba.

Malo oyamba amene ndinafikako anali a njerwa. Kumeneko nthaka yonse inali maenje, ndipo anthu ake anali ofiira mpaka m'nsidze. Tinkaima pamzere kuchokera pouma njerwa kukafika pa uvuni, kupatsirana imodziimodzi. Ndinaphunzira kuti njerwa yosawotcha saigwira ndi nsonga za zala, ndiponso kuti suyang'ana njerwa ili m'manja mwako koma manja a wolandirayo. Mwandida ankagona pamthunzi wa uvuni wozizira. Tsiku lina nditatembenuka kuti ndipereke njerwa, ndinaona ambulera yakuda, yothyoka nthiti imodzi, ikubwera pakati pa maenje. Anali aNajere. Sanakalipe. Anapereka moni kwa onse a pamzere, anafunsa ngati mwana akudya bwino, kenaka anati mawa m'mawa. Ndinagwada m'matope, njerwa ili m'manja. Chabwino, alamu. Njerwayo ndinakaisiya panjira kunja kutayamba kuyera.

Kenaka kunali mudzi wa pamsewu, kumene basi inkaima pang'ono ngati ikupuma. Ndinagulitsa kachewere pamawindo. Ndinaphunzira kukankha ndi phewa beseni lili pamutu, ndi kuzindikira nkhope yogula pakati pa nkhope zongoyang'ana. Koma ine maso anga ankakhala pachitseko cha basi, kuona otsika. Mwandida anayambira kuyenda kumeneko, akugwira mabeseni a anthu. ANajere sanatsike m'basi. Basi itachoka, fumbi lake litakhala pansi, anali ataima kutsidya kwa msewu, mapazi ali mbuu. Amayi onse a kachewere anaona ndikugwada pa tala wotentha.

Zinapitirira choncho, sindidziwa kwa nyengo zingati. Kunali esiteti ya fodya kumene ndinaphunzira kusiyanitsa tsamba ndi tsamba pongolikhudza. Kunali tauni ya m'phiri kumene ndinkachapa nsalu za m'nyumba ya alendo ndipo sizinkauma. Malo onsewo anali ndi msika umodzimodzi, chigayo chimodzimodzi, galu wopunduka mmodzimodzi. Paliponse ndinkasiyapo kanthu: mphika, nsapato, chithunzi cha mwamuna wanga. Paliponse ambulera ija inkafika, masana ndithu, osabisala. Masana ndinkavomera, kusanache ndinkathawa. Chimene chinkandidya sichinali njala kapena mtunda, chinali chakuti mwana wanga anayamba kundiyang'ana ndikamagwada. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa nyumba atagwadira chitsa, akuti chabwino alamu.

M'tauni ya nzimbe ndinafikako nthawi yowotcha minda, phulusa likugwa ngati mvula yakuda. Ndinapeza malo ogona kuseri kwa nyumba ya aDolofina, mayi wamkulu wa msinkhu wa amayi anga, wokazinga zitumbuwa pachipata cha fakitale. Anali ndi mikono ngati minsi. Madzulo ena anatseka beseni lawo n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kubwalo, akusowa munthu mmodzi.

Pabwalopo panali amayi ndi atsikana, ena opanda nsapato, akuthamangitsana ndi mpira wooneka ngati papaya. Ankati ndi ragibi. Wowaphunzitsa anali Esinati, mkazi wamfupi amene anagwirako usilikali, ndipo wezulo inkakhala pakamwa pake ngati inamera pomwepo. Anandiuza kuti mpirawu umanyamulidwa m'manja kupita kutsogolo, koma popatsirana umaponyedwa chakumbuyo. Ndinaganiza kuti zimenezo ndazizolowera, kupita kutsogolo ndikuyang'ana kumbuyo. Kuthamanga ndinkatha. Ndani akanandiposa? Koma Esinati anandiyang'ana msana ndi mapewa a kachewere aja, anati ine si wothamangira m'mphepete, ndine wa pakati, wa mu molo. Apo m'pamene ndinawachenjeza, ndipo apo m'pamene anaseka.

Molo anatiphunzitsa tsiku ndi tsiku, dzuwa likapepa. Anati wonyamula mpira akagwidwa ndi mdani koma osagwa, mnzake n'kubwera kudzamugwira kuti amuthandize, onse ali chilili, pamenepo molo wayamba. Atatu akwana, koma ena amabwera kudzawonjezera, mbali iyi ndi mbali iyo, mpaka kukhala chinthu chimodzi cha miyendo yambiri chikukankhana chokha. Anati polowa sulowera m'mbali ngati mbuzi yolowa m'dimba. Umazungulira, n'kulowera kumbuyo kwa phazi la mnzako womalizira. Sugwira ndi zala ngati ukusankha kaunjika, umakulunga mkono wonse mpaka phewa likhudze. Mutu usatsike kupitirira chiuno. Sukwera pamsana pa anthu, sukoka munthu kumutulutsa. Mpira umayenda pansi pa mikono, dzanja ndi dzanja, kuchoka kwa wakutsogolo kupita kwa wakumbuyo kumene adani sangaufike. Ndinakumbukira mzere wa njerwa uja ndipo manja anga anasangalala.

Anatiuzanso kuti molo ukaima osasuntha, woimbira mpira amachenjeza kuti tulutsani. Mukangoti duu, mpira osatuluka, amaulanda n'kupatsa adani, ngakhale munali inu ounyamula. Koma lamulo limene ankalibwereza mpaka malovu kuuma linali la maondo.

"Molo sagwetsa dala," ankatero. "Wagwada mmodzi, agwa onse, ndipo wapansiyo khosi lake si la chitsulo. Muli ndi mpira n'kugwa, utulutseni pomwepo uoneke. Koma zogwadira anzanu ayi. Kugwada kutchalitchi, amayi."

Masiku oyamba zinkayenda, chifukwa kumbuyo kwanga kunkakhala atsikana anzanga. Ndinkamva mikono yawo m'chiuno mwanga, mpweya wawo pakhosi panga, ndipo ndinazindikira kuti kuchokera pa maliro aja palibe munthu wamkulu amene anandigwirapo. Mkati mwa molo mumakhala mdima, mumanunkha sopo wotchipa ndi utsi wa nkhuni. Simuoneka msewu. Munali malo okhawo amene sindinkayang'anamo ambulera. Ana athu ankasewera pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa bwalo, Mwandida ali pakati pawo, ndipo kwa kanthawi ndinkaiwala kumuwerengera mapazi.

Tsiku lina Esinati anasintha malo, anaika aDolofina kumbuyo kwanga kuti azilandira mpira kwa ine. Ndinamutsatira pambali n'kumuuza kuti amenewa ndi amayi anga, sindingawapatse chinthu chilili. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china. Anati pabwalo palibe amayi ake a munthu. ADolofina atamva anaseka mpaka kutsokomola, anati mwanawe, ukandigwadira mu molo ndidzakukhalira. Poyeserera ndinkaluma mano, maondo ankafuna kutsika koma ankapirira. Esinati anati waona, zatheka.

Linafika tsiku losewera ndi amayi a kutsidya kwa mtsinje. Anthu anadzaza m'mphepete, amuna a kufakitale akuseka kuti abwera kudzaona akazi akulimbirana papaya. Chakumapeto tinali pafupi ndi mzere wawo. Mpira unabwera kwa ine, mayi wina wamtali anandikumbatira, anzanga anandigwira kumbuyo, ndipo chinthu chija cha miyendo yambiri chinayamba kuyenda. Tinkapita. Ndinkamva udzu ukuthawa pansi pa mapazi a adani. Kenaka ndinamva mawu a aDolofina pafupi ndi khutu langa, mawu a munthu wamkulu, otsika, akuti bweretsa kuno mwanawe.

Sindinaganize. Ndinatembenuka, ndinagwira mpira ndi manja awiri, dzanja lamanzere likuchirikiza lamanja monga ndinaphunzitsidwira, ndipo maondo anapita okha pansi.

Amene ankandikankha kutsogolo anasowa chokankha, anandigwera. Amene ankakankha kumbuyo anagwera pa iwo. Mpira unatsala pansi pa mimba yanga. Ndinamva wezulo patali, ndipo pafupi ndinamva kanthu kakulira ngati nzimbe ikathyoledwa. Atachotsa anthu mmodzimmodzi, aDolofina anatsala pansi, mwendo utayang'ana kumene suyenera kuyang'ana. Sanalire. Anangoti, ndinanena kuti ndidzakukhalira, koma wandikhalira ndiwe.

Amuna a kufakitale ananyamula nkhaniyo kupita nayo kumsika. Pofika m'mawa mwake ana ankandigwadira panjira atanyamula mapapaya. Dzina langa linasanduka aMaondo. Esinati sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinamanga katundu madzulo omwewo monga mwa chizolowezi, koma kunalibe wokazinga zitumbuwa, kunalibe wotungira madzi aDolofina. Ndinamasula. Kanali koyamba kukhala pamalo pamene anthu akundiseka. Ndinkakazinga pachipata nkhope ili pansi, ndipo madzulo aDolofina ankandithamangitsira kubwalo ndi ndodo yawo, amati sanathyoke mwendo kuti timu iperewere awiri.

Bondo lawo linapola chowuma, losapindika. Nzimbe zinadulidwa, zina zinamera, zinafika m'chiuno.

Ambulera inafika madzulo ena tikuyeserera. Ndinaiona ikutuluka m'kanjira ka pakati pa nzimbe, nthiti zothyoka tsopano zinali zambiri. ANajere anaima m'mphepete mwa bwalo, pafupi ndi mtengo wa mango, n'kuyamba kuyang'ana ana mmodzimmodzi. Ndinasiya mpira. Nkhani yanga aDolofina okha ndiwo ankaidziwa, ndinawauza akudwala, koma zimene akudziwa aDolofina ndiye kuti timu yonse ikudziwa. Onse anasiya kusewera.

Ndinayenda kupita kwa aNajere. Pakamwa panga mawu aja anali atakonzeka kale, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kusankha choti ndisiye ulendo uno. Anandipatsa moni, anafunsa ngati mwana akudya bwino. Maondo anayamba kutsika.

Sanafike. Mkono unandikulunga m'chiuno kuchokera kumbuyo, mkono wonse mpaka phewa, n'kundinyamula ngati thumba. Ndinamva ndodo ikugwa paudzu.

"Bondo langa unalimaliza, ine sindigwadanso," anatero aDolofina kukhutu kwanga. "Ndiye iwenso sugwada."

Ena anabwera. Palibe analowera m'mbali, onse anazungulira n'kudzagwira kumbuyo, mwakachetechete, wina pa wina. Sanakankhe. Anangondilemera kumsana, ofunda, akupuma. Ndinayesa kutsika, ndikuvomereza, ndinayesadi, koma panalibe potsikira.

Ndinali ndisanawaonepo aNajere ndili chilili. Zaka zonsezo ndinkadziwa mapazi awo, mphepete mwa chitenje chawo, chibwano chawo ndikuchiyang'anira m'munsi. Tsopano ndinaona kuti ndi munthu wamfupi, wondifika paphewa. Ndinaona imvi zikutuluka pansi pa duku, ndi khosi loonda ngati la nkhuku yoikira. Manyazi anandigwira ngati ndawapeza akusamba.

Anayang'ana amayi a kumbuyo kwanga, anayang'ana ine. Anafunsa ngati ndayamba kuyankhula ndi akuluakulu chilili. Anati mawa m'mawa, monga mwa nthawi zonse, koma mawu awo anakwera kumapeto ngati funso. Tinaima choncho, phulusa la minda yakutali likutigwera. Kenaka kumbuyo kwenikweni ndinamva Esinati akuyankhula motsitsa, wezulo ili pakati pa mano.

"Molo waima, make Mwandida. Tulutsani, angakulandeni."

Ndinati, "Mwana sapita, alamu." Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana wa sukulu. Ndinabwerezanso kuti amve. Ndinawonjezera kuti akafuna kumuona azibwera, ndipo akakula ndidzapita naye ndekha akaone manda a bambo ake, koma sapita.

Ndinkayembekeza kuti atukwana, kapena atchula mizimu. Anatseka ambulera pang'onopang'ono, akulimbana ndi nthiti zake. Anafunsa ngati pali pokhala. Mtsikana wina anathamanga kukatenga benchi. Atakhala anavula patapata n'kuyang'ana mapazi awo, ong'ambika ngati dambo la m'chilimwe.

"Mulamu," anatero, "mukanakana tsiku lija la maliro, ine ndikanabwerera kukauza anthu kuti mwini mwana wakana, akhale pansi aone chochita. Koma inu mumavomera. Ndikabwerera chimanjamanja amati, si wavomera? Pita ukatenge. Munda wanga wamera thengo chifukwa cha chabwino wanu."

Mikono ija inayamba kumasuka m'chiuno mwanga, umodziumodzi. Ndinalakalaka akanandigwirabe, chifukwa apo m'pamene ndinafunitsitsa kulowa pansi. Nthawi yonseyi ndinkadziyesa wothamangitsidwa. Sindinaganizepo kuti ndikukoka mayi wokalamba pa chingwe kudutsa dziko lonse, ndipo chingwecho ndi ulemu wanga.

Mwandida anachoka pamtengo paja n'kudzaima pakati pathu, akuyamwa chikhokho cha mango. ADolofina anati uyu ndiye walowera m'mbali, muimbireni wezulo. Ena anaseka, koma osati kwambiri. ANajere anamugwira mwanayo chibwano, anamutembenuza uku ndi uku, anati makutu ndi a mlongo wanga. Sanamukoke.

Mlendo sabwezedwa dzuwa litapendeka. Ndinapita nawo kuchipinda changa, ndinawafunditsira madzi. Powapatsa madzi osamba m'manja ndinaima kaye pakhomo ndi beseni, osadziwa kuti maondo ndichite nawo chiyani. Anandiyang'ana n'kunena kuti apa gwadani, apa mpake. Ndinagwada. Anadya pang'ono, Mwandida atawatsamira pamwendo akusewera ndi ambulera. Anamuuza dzina la agogo ake, dzina la phiri la kwawo, ndipo anamubwerezetsa mpaka atatchula bwino.

Ndinawapempha kuti akhale masiku angapo mapazi apole. Anakana. Anati kumudzi kukawavuta, akanena kuti mlongo wamkulu wagonja kwa akazi ovala makabudula, koma zimenezo n'zawo, akazisenza. Anati sakufuna amayi a pabwalo aja awaone akudutsa pamsika, ndiponso sakufuna mwana adzuke awaone akupita, angayambe kuganiza kuti azakhali ndi munthu wongobwera n'kuchoka. Anapinda chitenje chawo, anaika patapata pafupi ndi chitseko, zoyang'ana kunja, monga ndinkaikira zanga m'malo onse aja.

"Ndinyamuka kusanache," anatero. "Mundiuze njira yosadutsa pa anthu. Inu ndinu odziwa."